Mudzi wosokedwa pachifuwa cha deresi

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Lero nkhani ndi ya singano ndi ulusi. Sitikunena za atelala a pakhonde la sitolo amene amapondaponda makina tsiku lonse, ayi. Tikunena za kupeta nsalu pamanja, ntchito imene amayi a ku Palestine akhala akuphunzitsana kwa mibadwomibadwo ndipo amaitcha tatreez. Masiku ano mapatani a amayi amenewa achoka pa madiresi, akupezeka atapachikidwa pakhoma m'nyumba zoonetsera zaluso ku New York, ku London ndi kwina, ndipo akugulidwa ndi anthu a ndalama zawo. Tiona mmene anafikira kumeneko, zimene anatenga pa ulendowo, ndi zimene anasiya m'njira.

Tiyambe ndi kasokedwe kake, chifukwa tikapanda kumvetsa apa, zotsatirazo sizimveka. Wopeta tatreez sayamba wajambula duwa pansalu ndi pensulo kuti azilondola ndi singano. Iye amawerenga. Nsalu iliyonse yoluka ili ndi timaulusi toyenda choimirira ndi tina toyenda chopingasa, ndipo pakati pake pamatsala timabowo. Mayi amatulutsa singano pabowo limodzi, n'kudumpha timaulusi tiwiri kapena titatu chopendekera, n'kuilowetsa; kenako amabwerera mbali inayo, ndipo pansalu pamatsala kamtanda konga chilembo cha X. Kamtanda kamodzi sikaoneka ngati kanthu. Koma timitanda tikandandalikana m'mizere yowerengedwa bwino, pamatuluka nyenyezi, mtengo, nthenga ya mbalame. Amene munalukapo lichero mukudziwa mmene zimakhalira: ziwiri pamwamba, ziwiri pansi, ndipo ukangophonya kamodzi mzere wonse umapotoka mpaka umasule.

Tiwerengere limodzi kuti mumve kukula kwa ntchitoyi. Tiyerekeze kuti pa sentimita imodzi pakukwana timitanda 5. Ndiye kuti kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse kakufuna timitanda 25. Chigamba cha pachifuwa cha masentimita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi, chikadzazidwa chonse, chikufuna timitanda 22,500. Ndipo chimenecho ndi chifuwa chokha. Kwatsala manja a deresi, m'mbali, ndi kumbuyo chakumunsi. N'chifukwa chake mtsikana ankayamba kuphunzira akadali wamng'ono, atakhala pambali pa mayi ake ndi agogo ake, ndipo madiresi a ukwati wake ankawayamba mwamuna asanaoneke n'komwe.

Deresi lalitali lija amalitcha thob, ndipo chigamba cha pachifuwa ndi qabbeh. Zaka 100 zapitazo, munthu wodziwa akangoona thob ya mayi pamsika wa ku Jerusalem ankatha kunena kumene mayiyo wachokera asanatsegule pakamwa. Amayi a ku Ramallah ankadziwika ndi ulusi wofiira pa nsalu yoyera. A ku Bethlehem anali ndi njira yawoyawo: m'malo mwa timitanda, ankagoneka chingwe cha silika kapena cha golide ndi siliva pamwamba pa nsalu, n'kuchimangirira ndi timisoko ting'onoting'ono, kuchipinda uku ndi uku mpaka chitapanga maluwa. Deresi lawo laukwati, lotchedwa malak, linkasiriridwa m'midzi yonse yozungulira, moti mabanja ochita bwino a kwina ankagula zigamba za ku Bethlehem kuti akasokerere pa madiresi a ana awo. Ku Beit Dajan, mudzi wa pafupi ndi Jaffa kumene kunali minda ya malalanje, nthambi za malalanje zinkaoneka pa nsalu. Kumwera, pakati pa ma Bedouin a kuchipululu cha Beersheba, ulusi wabuluu unkanena kuti mwini deresi ndi wamasiye, ndipo akakwatiwanso wofiira unkabwerera.

Mapataniwo ali ndi mayina, ndipo mayinawo akusonyeza kuti anawapeka ndi anthu amene ankaseka akugwira ntchito. Pali mtengo wa saru, wa mtundu wa mkungudza, umene umapezeka pafupifupi dera lililonse koma dera lililonse limauimika mwanjira yake. Pali mwezi wa ku Bethlehem. Pali diso la ng'ombe. Pali ina yotchedwa mano a nkhalamba. Palibe amene ankaphunzira zimenezi m'buku. Mtsikana ankayang'ana deresi la azakhali ake, n'kuwerenga timitanda ndi nsonga ya singano, n'kukopera. Akakwatiwa kumudzi wina ankapita nayo pataniyo, ndipo kumeneko inkasakanikirana ndi ya apongozi ake.

Apa ndichenjeze pang'ono, chifukwa tikamva kuti chinthu ndi "chamakolo" timafulumira kuganiza kuti chinakhala chimodzimodzi kuyambira kalekale. Tatreez inkasintha nthawi zonse. Kale ulusi unali wa silika wochokera ku Syria, wonyikidwa mu utoto wa mizu ndi wa tizilombo tina tofiira. M'zaka za m'ma 1930 munafika ulusi wa thonje wa kampani ya ku France ya DMC, wotchipa, wa mitundu yambirimbiri, ndipo unabwera ndi timabuku ta mapatani a ku Ulaya. Amayi sanaukane. Anatengamo maluwa opindikapindika ndi mbalame, n'kuziika pambali pa mkungudza wa agogo awo. Nsalu za kufakitale zosalala zitachuluka, zimene timaulusi take sitiwerengeka, anapeza njira ina: amasokerera pamwamba kansalu ka mabowomabowo, n'kupeta powerenga mabowo ake, ndipo akamaliza amasolola timaulusi ta kansaluko kamodzikamodzi, patani n'kutsala yokha pa deresi. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito mpaka lero.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za tatreez, luso lopeta nsalu la amayi a ku Palestine.

Chaka cha 1948 chinadula nkhaniyi pakati. Pa nkhondo imene inabwera ndi kukhazikitsidwa kwa dziko la Israel, anthu a ku Palestine oposa 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa kwawo, ndipo midzi yoposa 400 inatsala yopanda eni ake. Beit Dajan wa malalanje uja unali umodzi mwa midziyo. Anthu a ku Palestine amatcha chakachi Nakba, tsoka lalikulu. Amayi ambiri anafika m'misasa ya anthu othawa kwawo ku Jordan, ku Lebanon, ku Syria, ku Gaza ndi ku West Bank, ndipo ena anagulitsa madiresi awo aukwati kuti ana adye. Kwa zaka zingapo kupeta kunazilala, pakuti ulusi umafuna ndalama ndipo timitanda timafuna mtima wokhazikika.

Luso litadzukanso, linali litasintha nkhope. Mumsasa, mayi wa ku Jaffa anakhala moyandikana ndi wa ku Hebron, ndipo mapatani amene kale ankasiyanitsa midzi anayamba kulowana. M'zaka za m'ma 1960 kunatchuka deresi la mizere isanu ndi umodzi yotsika kuchokera m'chiuno mpaka kumapazi, losanena mudzi uliwonse. Deresi linasiya kunena kuti "ndine wa mudzi wakuti", linayamba kunena kuti "ndine wa ku Palestine". Mu 1969 ku Lebanon kunakhazikitsidwa bungwe la Inaash, ndipo mmodzi mwa oliyambitsa anali Huguette Caland, amene pambuyo pake anadzakhala katswiri wotchuka wojambula. Bungweli linkapatsa amayi a m'misasa ulusi ndi nsalu kuti apete mapilo, mashawelo ndi nsalu za patebulo zogulitsa. Kuyambira pamenepo patani inaphunzira kukhala popanda deresi.

Ndiye kunabwera zaka za chipwirikiti choyamba, chimene amachitcha Intifada, kuyambira 1987 mpaka 1993. Nthawi imeneyo kukweza mbendera ya Palestine kunali koletsedwa m'madera olamulidwa ndi asilikali a Israel, ndipo wopezeka nayo ankalandidwa. Amayi anatenga ulusi wofiira, wobiriwira, woyera ndi wakuda, n'kupeta timbendera pa madiresi awo, pamodzi ndi mapu a dziko lawo ndi chithunzi cha nyumba yopatulika ya ku Jerusalem yotchedwa Dome of the Rock. Mbendera ya pamtengo msilikali amangotsitsa, koma ya pachifuwa cha mayi wa msinkhu wa mayi ake omubereka angaichotse bwanji? Madiresi amenewa alipo m'manja mwa osunga zakale, ndipo ena anaonetsedwa mu 2018 ku Palestinian Museum, ku Birzeit, pa chionetsero chotchedwa Labour of Love chimene anakonza Rachel Dedman. Zambiri zimene tikudziwa lero za madiresi akale tikuzidziwa chifukwa cha amayi ngati Widad Kawar, amene anakhala zaka zambiri akugula madiresi kwa othawa kwawo ndi kulemba nkhani za eni ake. Zimene anasonkhanitsa zikusungidwa ku Tiraz, mumzinda wa Amman.

Mu January 2019, Rashida Tlaib polumbira kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya ku America anavala thob yopetedwa ndi mayi ake. Mu December 2021 bungwe la UNESCO linalemba tatreez m'kaundula wa miyambo yofunika ya anthu a padziko lapansi, kaundula yemweyo mmene muli Gule Wamkulu, Vimbuza ndi Tchopa.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tsopano tifike pakhoma paja. Jordan Nassar anabadwira ku New York mu 1985. Bambo ake ndi ochokera ku banja la ku Palestine, mayi ake ku banja la ku Poland. Iye anakulira kutali ndi midzi imene taitchula, koma m'nyumba ngati yawo mapilo opetedwa ndi amene ankaimira dziko la makolo. Atakula anatenga singano, ngakhale kuti kwawo imeneyi inali ntchito ya akazi, n'kuyamba kupanga chinthu chimene agogo aja sanachipangepo: zithunzi za mapiri, zigwa, dzuwa ndi thambo.

Mvetserani bwino mmene amachitira, chifukwa nzeru yake yagona apa. Sajambula phiri n'kulizunguliza ndi maluwa ngati mpanda. Amatenga patani yakale, tinene nyenyezi kapena nthambi, n'kuibwereza nsalu yonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, kamtanda kalikonse pamalo pake monga mwa mwambo. Chimene amasintha ndi mtundu wa ulusi wokha. Nthambi imodzimodziyo ikamadutsa pamene pali thambo imakhala yabuluu, ikafika paphiri imasanduka yofiirira, ikatsikira kuchigwa imakhala yobiriwira. Ukaima pafupi umaona patani ya pa deresi. Ukabwerera m'mbuyo masitepe angapo, patani imazimirira ndipo pamatuluka dziko. Mapiri akewo si a pamapu. Ndi dziko la m'maganizo mwa mwana wobadwira kunja, amene analimva m'nkhani za akuluakulu asanalione ndi maso.

Pa ntchito zake zambiri zazikulu, Nassar amagwira limodzi ndi amayi opeta a ku West Bank. Iye amakonza kayalidwe ka mapatani, amayiwo amasankha mitundu ya ulusi n'kupeta mbali yawo, kusiya malo ena opanda kanthu, ndipo nsaluyo ikafika ku New York iye amadzaza malowo ndi mapiri ake, potsatira mitundu imene amayi aja asankha. Zimenezi sabisa, amazinena poyera. Mu 2022 ntchito zake zinaonetsedwa ku Institute of Contemporary Art mumzinda wa Boston.

Ine ndimaona kuti luso limeneli lili ndi mphamvu chifukwa silinathawe kuwerenga. Pali ambiri amene amajambula patani yakale ndi kamera, n'kuidinda pa T-shirt kapena pa chikwama, n'kumati alemekeza chikhalidwe. Palinso makina oyendetsedwa ndi kompyuta amene amalavula qabbeh yathunthu pa maola ochepa, ndipo madiresi otero adzaza m'misika pa mtengo umene mayi wa singano sangapikisane nawo. Sindikuwanyoza amene amagula, poti si aliyense angakwanitse deresi la miyezi ingapo ya ntchito. Koma mutembenuze nsaluyo muone kumbuyo kwake. Ya makina imakhala ndi ulusi wapansi wothithikana, wofanana paliponse. Ya pamanja imaonetsa njira imene singano inayenda, pamene ulusi unathera, pamene mwini wake analumikiza wina, ndipo amayi odziwa amayesa luso la mnzawo poyang'ana kumbuyoko, osati kumaso.

Komabe pali funso limene sitingalilumphe: nsalu ikapachikidwa, dzina la ndani limalembedwa pambali pake? Nkhani ya Alighiero Boetti, katswiri wa ku Italy, imatithandiza kuliona bwino funsoli. Kuyambira 1971 iye ankajambula mapu a dziko lonse pansalu, dziko lililonse ndi mitundu ya mbendera yake, n'kupereka kwa amayi a ku Afghanistan kuti apete. Asilikali a Soviet Union atalowa m'dzikomo mu 1979, ntchitoyi inadzapitirira pakati pa othawa kwawo ku Peshawar, m'dziko la Pakistan. Mapu amodzi ankatha kutenga chaka kapena kuposerapo. Pa mapu ena nyanja zinatuluka zapinki, zachikasu, zobiriwira, chifukwa amayiwo anasankha okha ulusi, ndipo Boetti anakondwa nazo n'kuzisiya momwemo. Lero nyanja zimenezo ndi zimene anthu amazitama kwambiri. Boetti anamwalira mu 1994, ndipo mapu akewo amagulitsidwa pa mamiliyoni a madola. Dzina lake aliyense wa zaluso amalidziwa. Mayina a amayi amene anasankha pinki uja ambiri sanalembedwe paliponse.

Ena amayankha kuti mwini luso ndi amene anaganiza, osati amene anasoka, monga mmene nyumba imatchukira ndi dzina la wojambula pulani. Yankho limeneli lili ndi mbali yake yoona, koma pa kupeta silikwanira. Kusankha kuti ofiira awa agone pambali pa akuda awa, kudziwa kukoka ulusi kuti nsalu isakwinyike, kusunga m'mutu mapatani makumimakumi popanda pepala, zonsezi ndi kuganiza. Kungoti ndi kuganiza kumene kwakhala kukuchitikira pakhonde, mwana ali kumsana, ndipo anthu a m'nyumba zoonetsera zaluso anachedwa kukuzindikira.

Kufupi ndi kwathu kuno, amayi a ku Hamburg, kamudzi ka m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, anayenda njira ina. Kudzera mu Keiskamma Art Project, imene anayambitsa Dr Carol Hofmeyr mu 2000, amayi oposa 100 anapeta nsalu yotalika mamita 120 yofotokoza mbiri ya chigawo chawo, potengera chitsanzo cha nsalu yakale ya ku Bayeux imene ikusimba za nkhondo ya mu 1066 ku England. Nsalu yawoyo imadziwika ndi dzina la mtsinje wa kwawo, Keiskamma, osati la munthu mmodzi.

Ndipo tili naye wathu. Billie Zangewa anabadwira ku Blantyre mu 1973, anakulira ku Botswana, anaphunzira zaluso ku Rhodes University, ndipo amakhala ku Johannesburg. Iye satsatira timitanda ta tatreez. Amadula tizidutswa ta silika, n'kutisanja, n'kutisoka pamanja kamodzikamodzi mpaka patatuluka chithunzi: mayi ali kukhitchini, mwana wake ali patebulo, misewu ya mumzinda. M'mphepete mwa nsalu zake simukhala mowongoka, pena pamakhala podukaduka mwadala. Mu 2004 analandira mphoto ya Gerard Sekoto, ndipo lero ntchito zake zimaonetsedwa ku Paris, ku New York ndi ku London. Kusoka anakuonera kwa mayi ake ndi anzawo amene ankakumana kunyumba n'kumasoka pamodzi. Kwa iye dzanja loganiza ndi dzanja losoka ndi limodzi, ndipo dzina la pakhoma ndi la mkazi amene anagwira singano.

Pali omvera amene akufuna kuyesa, tikudziwa. Simukusowa zodula. Pezani chiguduli choyera bwino, chifukwa timaulusi take ndi tikulutikulu, towerengeka ngakhale ndi maso otopa. Pezani singano ya bowo lalikulu, makamaka yobuntha kunsonga kuti izidutsa m'mabowo osabaya ulusi wa nsalu, ndi ulusi wolukira majuzi wa mitundu iwiri. Patani musaifune kutali. Yang'anani mkeka umene mwakhalapo, dengu la agogo, kapena mkanda wa mikanda, muwerenge mmene mitundu yasinthanirana, ndipo mulembe pa pepala la masamu lija la timabokosi, kabokosi kamodzi kamtanda kamodzi. Posoka, timitanda tonse tiyang'ane mbali imodzi: ngati ulusi wapamwamba wa kamtanda koyamba wapendekera kumanja, onse apendekere kumanja. Musamange mfundo kumbuyo. Siyani kamchira kakafupi n'kukapanikiza ndi misoko yotsatira. Ndipo musakoke kwambiri, chiguduli chimakwinyika msanga.

Nthawi yathu yathera pomwepa.

(NYIMBO YOTSEKERA)